Mango akanika, pichesi abereka: mafunso ndi mayankho pa mitengo ya pakhomo ku Vosloorus

Abale athu ambiri amene ali ku Joni amadyera m'gadeni. M'mawa amakwera takisi ku Vosloorus kupita ku Boksburg, ku Alberton kapena ku Bedfordview kukasesa masamba ndi kudulira mitengo ya mabwana, madzulo n'kubwerera kukomboni kumene mthunzi ndi wosowa. Manja odziwa mtengo alipo ndithu. Vuto n'lakuti nzeru zimene tinakula nazo ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Chipata sizigwira zonse kuno, ndipo poloti ya ku Vosloorus ndi yaing'ono moti ukalakwitsa tsiku lobzala, udzalipira patapita zaka khumi. Nawa mafunso amene amamveka kawirikawiri pa nkhaniyi.

Amati Johannesburg ndi nkhalango yobzalidwa ndi anthu. Nanga bwanji kuno ku Vosloorus kuli mbee?

Dera lonseli kale linali la udzu, mitengo inkapezeka m'mphepete mwa mitsinje ndi m'zitunda za miyala basi. Mitengo ikuluikulu imene mumaiona kumayadi inachita kubzalidwa: bulugama wa mizati ya m'migodi ya golide, kenako jacaranda, oak ndi plane za m'misewu ya azungu. Vosloorus inakhazikitsidwa mu 1963, pamene boma la tsankho linasamutsa anthu akuda ku Stirtonville ponena kuti ayandikira kwambiri tauni ya Boksburg. Omanga komboni ankawerenga nyumba, mitengo sinali m'mutu mwawo. Kafukufuku wina wa mu 2020, amene anagwiritsa ntchito zithunzi za m'mlengalenga, anapeza kuti kusiyana kumeneku kukadalipo m'mizinda ya dziko lino la South Africa: kumene kunali kwa azungu n'kobiriwira, kumakomboni n'kouma. Bungwe la Food & Trees for Africa, limene linayamba mu 1990, lagawa mitengo yambiri m'makomboni, koma kugawa mbande n'kosavuta. Mtengo umapulumuka pokhapokha pakhomopo pali munthu woutunga madzi.

Ndinabzala mango ochokera kumudzi. Anamera bwino, koma itafika Juni anauma. Ndi dothi, kapena wina wandichita chipongwe?

Palibe wakuchitani chipongwe, ndi chisanu. Vosloorus ili pamtunda wopitirira mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa Lilongwe, ndipo ili kummwera kwambiri. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madzi kuundana, m'mawa udzu n'kuyera. Madzi a m'masamba anthete amaundana nawo, tsamba n'kuda ngati lawauka. Mango, papaya, nthochi ndi mapeyala aang'ono sapirira zimenezi. Cham'mwamba chimauma mpaka pansi, ngakhale kuti nthawi zina chimaphukanso kukafunda.

Alipo amene amakakamiza, n'kubzala mapeyala pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto limene limasunga kutentha kwa dzuwa, n'kumawafunditsa masaka nyengo yozizira iliyonse. Ena zimawayendera. Koma ngati malo anu ndi a mtengo umodzi, musawawononge ndi mtengo wodwaladwala. Dziwaninso kuti kulowetsa mbande kapena njere m'dziko lino popanda chilolezo n'koletsedwa, ndipo pachipata cha Beitbridge akhoza kukulandani.

Tsono ndibzale chiyani?

Yang'anani m'mayadi a agogo amene anafika kuno kalekale. Mupezamo pichesi. Mtengo umenewu umafuna kuzizira kuti uchite maluwa, choncho chisanu chimene chimapha mango n'chimene chimaubereketsa. Maapurikoti, mapulamu, nkhuyu zodya ndi makangaza amachitanso bwino. Mandimu amatheka, bola muwateteze zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira.

Ngati mukufuna mthunzi, funsani kunazale mitengo yachilengedwe ya dera lino. Karee sayoyola masamba, amapirira chilala ndi chisanu, ndipo mizu yake si yaukali. Wild olive amakula pang'onopang'ono koma ndi wolimba zedi. Pompon tree ndi waung'ono, amachita maluwa ofiirira cha mu Novembala ndi Disembala, ndipo amakwana pakhomo lothina. White stinkwood ndi wokongola ndipo amakula msanga, koma amatalika kupitirira mamita 10, ndiye ngoyenera pasukulu kapena patchalitchi, osati pakati pa nyumba ndi zipinda za lendi. Kankhande amene timamudziwa kwathu amamera kuno, ngati simuopa minga yake yokowa ija pakhomo pa ana.

Bulugama, paini, msondodzi ndi mikuyu ikuluikulu ya mthunzi, izo ayi. Kumudzi bulugama ndi chuma chifukwa amapereka milimo ndi nkhuni. Papoloti ya m'komboni ndi mlandu.

N'chifukwa chiyani anthu amachenjeza kwambiri za mizu ndi mapaipi kuno?

Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo mpamene Vosloorus isiyana ndi malo ambiri. Mbali yaikulu ya Kathorus, ndiye kuti Katlehong, Thokoza ndi Vosloorus, inamangidwa pamwamba pa mwala wotchedwa dolomite. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi, ndipo pansi pamakhala mapanga amene sitiwaona. Madzi akamalowa pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, amakokolera dothi m'mapangamo, mpaka tsiku lina pamwamba pamangotitimira, dzenje n'kutseguka pabwalo kapena pansi pa nyumba. Chipatala chakale cha Natalspruit ku Katlehong chinali pa nthaka yotere, ndipo chimenechi chinali chimodzi mwa zifukwa zomangira chatsopano ku Vosloorus, chimene chinatsegulidwa mu 2014 ndipo lero chimatchedwa Thelle Mogoerane.

Madzi amene amayambitsa maenjewa kawirikawiri si a mvula yokha, ndi a mapaipi odontha. Muzu suboola paipi yabwinobwino. Umatsata chinyezi pa mfundo yomasuka kapena pa mng'alu, n'kulowa ngati kaulusi, kenako n'kunenepa mkatimo mpaka paipi kutsekeka kapena kusweka. Suweji ikamabwerera m'chimbudzi mwezi ndi mwezi, ndipo pafupi pali mtengo waukulu, musamangothira mankhwala. Fukulani muone.

Choncho musanakumbe dzenje, dziwani mmene mapaipi anu adutsa. Pezani pamene pali mita ya madzi, tsatani mzere wake mpaka pa mpopi, ndipo onani zotsekera za suweji kuseri kwa nyumba. Muyeso wosavuta kuukumbukira ndi uwu: mtengo utalikirane ndi paipi ndiponso maziko a nyumba mtunda wosachepera msinkhu umene udzafike ukakula. Pichesi wodulira bwino wa mamita atatu akhale mamita atatu kuchokera pa khoma. Mukayeza chotero muona nokha chifukwa chake mitengo ikuluikulu siyikwana pano. Ndipo mukaona ming'alu yatsopano pa khoma, zitseko zikuyamba kukanika kutseka, kapena pabwalo pakuchita kadzenje kosadziwika, kanenani ku khonsolo ya Ekurhuleni msanga. Musathiremo zinyalala n'kukwirira.

Nthawi yabwino yobzala ndi iti? Kwathu timadikira Disembala.

Ku Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kuno nthawi yolimbikitsa kubzala mitengo ndi mu Seputembala, ndipo mvula imayamba cha mu Okutobala n'kuleka cha mu Malichi kapena Epulo. Mtengo wobzala mu Seputembala kapena Okutobala umakhala ndi miyezi isanu ndi iwiri yozika mizu chisanu chisanabwere. Wobzala mu Malichi umakumana ndi Juni ukadali khanda.

Kumbani dzenje lotambalala, masentimita 60 mbali zonse, koma musaumize mtengo. Pamene thunthu lakumana ndi mizu pakhale pofanana ndi nthaka, monga mmene panalili m'chubu. Anthu ambiri amakwirira mozama poganiza kuti mtengo ulimba, koma khungwa limaola. Ngati mizu yazungulirazungulira m'pulasitiki, imasuleni ndi zala. Sakanizani dothi ndi kompositi kapena manyowa owola bwino, osati a nkhuku aawisi amene amawotcha mizu. M'mayadi ambiri a kuno mukakumba mupeza zidutswa za njerwa, simenti ndi phulusa la malasha. Chotsani zonsezo. Mukatha pangani kabeseni kosunga madzi, phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, koma zophimbirazo zisakhudze thunthu. Mukamangira ku chikhomo, gwiritsani ntchito kansalu kapena chubu cha njinga, momasuka. Waya amadya khungwa.

Madzi ndi odula, nthawi zina mpopi umauma. Ndithirire bwanji?

Ndowa imodzi ya malita 20 pa sabata, yothira pang'onopang'ono, imaposa kapu ya tsiku ndi tsiku. Madzi olowa pansi amakokera mizu pansi. Ongowaza pamwamba amaitanira mizu pamwamba, kumene imadzatukula simenti ya pabwalo. Kukatentha kwambiri thirirani kawiri pa sabata, mvula ikagwa yokwanira lekani. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, karee kapena wild olive amadzidalira.

Madzi a kuno amachokera ku damu la Vaal kudzera ku bungwe la Rand Water, ndipo mu 2016 damulo linatsika kufika pansi pa 30 peresenti. Madzi akachepa khonsolo imaletsa kuthirira masana, ndiye zolowerani kuthirira m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Madzi osamba ndi otsukuluzira zovala ndi abwino, bola asakhale a Jik kapena a mafuta a m'mapoto. Koma kumbukirani dolomite uja: musakhale ndi malo amodzi pafupi ndi khoma amene aliyense wa payadi amakhuthulirapo beseni.

Mtengo wanga watalika kwambiri. Ndingoudula mutu?

Ayi. Kudula mtengo pakati n'kusiya chithunthu ndi chizolowezi chofala, ndipo n'choipa. Pa bala lalikulu lija pamalowa kuola, ndipo mphukira zambirimbiri zimene zimatuluka pamenepo zimangomatirira pa khungwa. Zimakula mothamanga, ndipo mkuntho ndi matalala a mu Novembala zikafika, ndi zomwezo zimene zimathyokera pa denga.

Kuwongola mtengo mpoyamba. Ukadali waung'ono sankhani nthambi zimene mukufuna, zina muchotse ndi mpeni wakuthwa. Pa mtengo waukulu yambani ndi nthambi zouma, zodwala ndi zokhulana, ndipo musachotse zopitirira gawo limodzi mwa magawo anayi pa chaka. Nthambi yolemera imadulidwa katatu. Yambani kucheka pansi pake, pang'ono kutali ndi thunthu, kuti ikamagwa isasende khungwa. Kenako chekani pamwamba mpaka igwe. Pomaliza chotsani kachitsa kotsalako, kunja kwa kamkombero kotupa kamene kali pamene nthambi yatulukira, chifukwa mnofu wotseka bala umachokera pamenepo. Gwiritsani ntchito sowo, chikwanje chimang'amba. Pa balapo musapake oyilo wakutha wa galimoto kapena penti. Mtengo umatseka wokha.

Pichesi amadulira mu Julayi, masamba atayoyoka. Tsegulani pakati pake kuti aoneke ngati dengu, nthambi zitatu kapena zinayi zikuluzikulu zikuyang'ana kunja, dzuwa lizilowa. Amabereka pa timitengo timene tinamera chaka chatha, tofiirira tija, ndiye musatimalize. Mandimu dikirani chisanu chithe.

Kupaka laimu pa thunthu kumathandiza?

Kumakongoletsa, ndipo kumateteza pang'ono khungwa la mtengo waung'ono ku dzuwa. Chiswe kapena tizilombo toboola sikuletsa.

Pichesi wanga amabereka, koma chipatso chilichonse chili ndi mphutsi.

Ndi ntchentche ya zipatso. Yaikazi imabaya khungu la chipatso chikayamba kupsa n'kuikira mazira mkati. Chipatso chikagwa, mphutsi zimalowa m'dothi, n'kutulukamo ntchentche zatsopano. Ndiye ntchito yaikulu ndi kutola. Tsiku lililonse tolani zakugwa zonse, mangani m'jumbo lakuda, liikeni padzuwa masiku angapo. Musaziponye pa kompositi. M'masitolo a zaulimi amagulitsa nyambo ndi misampha yopachika mumtengo, ndipo iyenera kupachikidwa zipatso zikadali zaziwisi. Patuliraninso zipatso zikadali zazing'ono, kusiya mpata wa chikhatho pakati pake, kuti zotsalazo zikule ndipo nthambi zisathyoke. Chowawa n'chakuti ntchentche sidziwa mpanda. Ngati aneba asiya zawo zikuolera pansi, kambiranani.

Abwana anadula mtengo wouma n'kundipatsa nkhuni. Pali vuto kubwera nazo kunyumba?

Lingakhalepo, ndipo lalikulu. Mu 2017 akatswiri a FABI, a pa yunivesite ya Pretoria, anapeza kachilombo kachilendo m'mitengo ya plane m'munda wa zomera ku Pietermaritzburg. Dzina lake ndi polyphagous shot hole borer, kwawo ndi kummwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo ndi ka banja limodzi ndi nankafumbwe wa m'chimanga. Kutalika kwake ndi mamilimita awiri okha. Kakakazi kamaboola thunthu katanyamula nkhungu imene kamabzala m'njira zake kuti ana ake azidya. Nkhunguyo imatseka misempha yokweza madzi, nthambi n'kuyamba kuuma kuchokera kunsonga, mpaka mtengo wonse kufa. Pofika 2018 kanali katapezeka ku Johannesburg, ndipo lero kali m'zigawo zambiri za dziko lino. Akatswiri a ku yunivesite ya Stellenbosch anawerengera mu 2022 kuti kakapanda kuletsedwa kakhoza kuwonongetsa ndalama zokwana R275 biliyoni pa zaka khumi.

Kokha sikauluka mtunda wautali. Kamayenda pa bakkie, m'nkhuni. Apa ndiye ife a m'gadeni tiyenera kusamala, chifukwa mitengo imene kamaswanamo kwambiri, monga box elder, oak, plane ndi msondodzi, ndi yomwe yadzaza kumayadi kumene timagwira ntchito. Mtolo umodzi wootchera nyama Loweruka ukhoza kubweretsa tizilombo mazanamazana pa mzere wonse wa nyumba. Kamaswananso mu nsatsi, zimene zimamera zokha m'madzala ndi m'mphepete mwa ngalande.

Musananyamule chipika, chiyang'anitsitseni. Muona timabowo tozungulira, tating'ono ngati nsonga ya bolopeni, tambirimbiri. Pozungulira pake pamakhala ponyowa kapena pothimbirira, pena utomoni, pena utuchi wosalala ngati ufa m'ming'alu ya khungwa. Mukasenda ndi mpeni pa bowopo, mnofu wa mtengo umaoneka wakuda. Chipika chotere chisachoke pamalopo. Chiyenera kugayidwa tizidutswa ting'onoting'ono, kapena kukulungidwa m'pulasitiki wochindikala, womata bwino, n'kukhala padzuwa miyezi ingapo. Wina akakuuzani kuti ali ndi jakisoni wochiritsiratu mtengo umene wagwidwa kwambiri, gwirani chikwama chanu. Mtengo wotere umafunika kudulidwa, ndipo khonsolo idziwitsidwe.

Payadi pathu pali indiya wamkulu. Ndamva kuti boma limaletsa. Zoona?

Indiya, amene kuno amati syringa, ali pa mndandanda wa zomera zachilendo zolanda malo, pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2004 ndi malamulo ake a mu 2014 amene anakonzedwanso mu 2020. M'tauni mtengo umene ulipo kale ukhoza kukhala, koma kubzala wina, kufesa kapena kugulitsa n'koletsedwa. Chimodzimodzi mabulosi oyera. Jacaranda wa m'matauni a Gauteng anamukhululukira. Bugweed, chitsamba cha masamba aubweya ndi maluwa ofiirira chimene mbalame zimafesa paliponse, chiyenera kuzulidwa basi.

Ine nkhawa yanga pa indiya si lamulo kwenikweni, ndi ana. Tizipatso take tachikasu tija ndi poizoni, ndipo ndi timodzi mwa zomera zimene zimagonetsa ana m'chipatala kawirikawiri m'dziko lino. Sesani tsiku ndi tsiku, ndipo mwana akadya thamangirani naye kuchipatala mutatenga tizipatso tina kuti adokotala aone. Nthambi zakenso n'zosachedwa kuthyoka. Mukaganiza zomudula, dziwani kuti amaphuka pa chitsa ndi m'mizu momwe, ndiye chitsacho chifukulidwe kapena chipakidwe mankhwala opha zitsa nthawi yomweyo chikadali chachiwisi.

Mtengo wa kunja kwa geti ukugunda mawaya a magetsi. Ndikwere ndidule?

Musayerekeze. Nthambi yaiwisi imadutsa magetsi, ndipo makwerero achitsulo ndiye oopsa koposa. Nenani kwa eni magetsi a dera lanu, kaya ndi Eskom kaya ndi khonsolo, ndipo sungani nambala ya dandaulo imene akupatseni, chifukwa mwina mudzafunika kuwakumbutsa. Mtengo wa m'mphepete mwa msewu ndi wa khonsolo ngakhale uli pakhomo panu, ndipo kuudula popanda chilolezo kuli ndi chindapusa. Palinso mitengo yotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1998, monga yellowwood, mfula ndi mlambe, imene siidulidwa popanda laisensi ngakhale ili m'yadi ya munthu. A m'gadeni, abwana akakutumani kugwetsa mtengo umene simukuudziwa, funsani kaye. Sowo ili m'manja mwanu.

Nthambi za aneba zalowa kwathu, masamba akutseka ngalande za padenga.

Yambani ndi pakamwa. Lamulo la kuno limati mupemphe mwini mtengo kuti adule. Akakana kapena akanyalanyaza kwa nthawi yokwanira, mukhoza kudula zimene zalowa kwanu, kulekezera pa malire, ndipo nthambizo ndi zake. Kulowa m'yadi mwake, kusenda khungwa mozungulira kapena kuthira mankhwala usiku ndi mlandu. Makhoti samafulumira kulamula kuti mtengo ugwetsedwe chifukwa cha masamba okha. Amayembekeza kuti anthu oyandikana azipirirana pa zazing'ono, pokhapokha pali kuwonongeka kooneka, monga khoma long'ambika ndi mizu. Jambulani zithunzi, lembani masiku, ndipo ngati zavuta pitani kwa a komiti ya mumsewu kapena kwa khansala musanaganize za loya.

Ine ndimachita lendi kachipinda kakuseri. Nkhani yonseyi ikundikhudza bwanji?

Chilichonse chobzalidwa m'nthaka ndi cha mwini poloti, ndiye musakumbe musanagwirizane ndi a mastandi. Ambiri savuta mukawasonyeza kuti mwayeza mtunda wa mapaipi ndipo mtengowo ndi wa zipatso zimene adzadya nawo. Akakana, dulani mgolo wapulasitiki pakati, boolani pansi, ikani timiyala ndi dothi losakaniza ndi kompositi. Mandimu, makangaza ndi nkhuyu amabereka mumgolo, bola muzithirira pafupipafupi kuposa wa m'nthaka ndi kuwonjezera manyowa chaka ndi chaka. Mu Juni mumaukokera pansi pa khonde, ndipo tsiku losamuka umakwera nawo pa bakkie.

Mu Seputembala khonsolo, sukulu ndi mabungwe nthawi zina amagawa mbande kwaulere. Funsani kwa khansala wa wadi yanu mu Ogasiti, ndipo dzenje likhale lokumbakumba mbandeyo isanafike.